Dzina la pa Kolala

Ife a m'Zambia tiribe nyanja ya mcere. Mwana aliyense wa ku sekondale amadziwa zimenezi, ndipo akhoza kukuchulirani maiko asanu ndi atatu amene anatizinga popanda kupumira. Koma tsegulani wodiropu ya m'nyumba iliyonse muno mu Lusaka, mudzapeza kuti pafupifupi covala ciliconse cinakwerapo combo. Shati ya atate inatsikira pa doko la Durban kapena la Beira, citenge ca amai cinadzera ku Dar es Salaam, jekete ya mwana inabwera yopanikizidwa m'belo la salaula. Thonje limene abale athu amalima ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi, lambiri limatuluka m'dziko lisanakhale ulusi, ndipo likamabwerera limakhala litavala dzina la dziko lina. Ine ndimaphunzitsa Geography pa sukulu ina ya boma ya sekondale, ndipo caka ndi caka ndimajambula mivi imeneyi pa bolodi, wina wotuluka, wina wolowa. Ana amakopera m'mabuku ao atavala mayunifomu amene nsalu yake inatsatira muvi wolowa uja.

Kwa ine nkhani ya zovala inayambira pa khonde la nyumba yathu ku Chilenje. Amai anga ndi telala. Makina ao a Singer, aja opalasa ndi mapazi, analipo ndisanabadwe, ndipo ndi amene anatilipirira sukulu ife ana anai mpaka ine kukafika ku UNZA. Anasoka mayunifomu, madiresi a kwaya ndi masuti a citenge a pa maukwati. M'zaka za m'ma 1990, boma litatsegula malire a malonda, mabelo a salaula anadzaza Soweto ndi misika ina. Mafakitale a nsalu anayamba kugwa: ya ku Kafue inatseka, ndipo Mulungushi Textiles ya ku Kabwe inaima mu 2007. Amai sanaleke kusoka, koma nchito inasintha. M'malo modula nsalu yatsopano, masiku ambiri anali kucepetsa mabuluku a anthu a ku Ulaya kuti akwane anthu a ku Chilenje. Kasitomala akabwera ndi citenge catsopano, anali kutsutsana nao pa mtengo mpaka dzuwa kupendeka. "Amai, kusoka cabe ndiye ndalama zonsezi?" Pa zovala zonse zimene manja aja anatulutsa zaka zoposa makumi atatu, palibe ngakhale cimodzi cimene cili ndi dzina lao.

Pa holide ya Ogasiti, mng'ono wanga ali pafupi kukwatiwa, azimai a m'banja mwathu anasonkha ndalama zogulira zitenge zofanana za pa kitchen party. Anandisankha ine kusunga thumba, ati mphunzitsi amadziwa kulemba zinthu m'buku. Msuweni wanga, amene ali ndi kashopu ku Kamwala ndipo amapita ku Dar kukaoda katundu, anati ndimuperekeze, cifukwa kumeneko ndalama imodzimodziyo ikhoza kuveka anthu ambiri. M'kathumba kena ka mkati ndinaikamo ndalama zanga-zanga za cilimba, zimene ndinalandira mwezi wa Julaye, zogulira diresi yoti ndikavale pa ukwati weni-weniwo.

Tinakwera sitima ya TAZARA pa Kapiri Mposhi. Njanjiyi ndi yotalika makilomita 1,860, ndipo inamangidwa ndi thandizo la China kuyambira mu 1970 mpaka mu 1975, kuti mkuwa wathu upeze njira ya ku nyanja yosadzera ku Rhodesia. Ndakhala ndikuphunzitsa zimenezi kwa zaka zambiri, koma ulendowu ndi umene unandionetsa amene amakwera sitimayo: azimai a zikwama zikulu-zikulu zopanda kanthu, zopindidwa bwino, zimene pobwerera zimafunika amuna awiri kuti azinyamule. Tinadutsa Mpika, Kasama, Nakonde, n'kuwolokera ku Tunduma, kenaka Mbeya ndi mapiri ake ozizira. Titatsikira ku cigwa, mpweya unayamba kulemera. Anthu a ku Dar amati Ogasiti ndi nyengo yozizira, koma ine wocokera mu mphepo ya Lusaka ndinavula juzi tisanafike n'komwe pa sitesheni.

Kariakoo ndi dzina locokera ku mau a Cingelezi akuti Carrier Corps, gulu la anthu amene anali kunyamula katundu wa asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Patapita zaka zoposa 100, anthu akali kunyamula katundu pamenepo, pamutu, pamsana ndi pa ngolo zokankha. Nyumba yaikulu ya msika, imene anaikonza mmisiri wa mapulani Beda Amuli ndipo inatsegulidwa mu 1975, inapsa ndi moto mu Julaye 2021, koma malonda a nsalu ali m'misewu yozungulira, maka-maka mu Uhuru. Mashopu ake ndi ang'ono, zitenge zounjikidwa kucokera pansi mpaka kudenga. M'makwalala amenewo ndinamva Cinyanja, Cibemba ndi Cilingala, ndipo ogulitsa ena anali kudziwa kuwerengera mtengo m'makwacha asanafunsidwe.

Msuweni wanga sathamangira mtundu. Amayamba wagwira nsalu, n'kuitembenuza. "Aphunzitsi, lero ndimwe mwana wa sukulu," anatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Anandionetsa kuti citenge ca wakisi ceni-ceni cimaoneka cimodzimodzi mbali zonse ziwiri, cifukwa utoto umalowa mu ulusi, pamene cotsika mtengo cimakhala cowala kumaso ndi cotuwa kumbuyo. Anandionetsa kuwerenga zolembedwa m'mphepete, ndi kufikisa kangodya pakati pa zala kuti ndimve ngati kulimba kwake ndi kwa thonje kapena kwa sitachi imene idzatha pa kucapa koyamba. Zambiri zimene tinagwira zinali zocokera ku China ndi ku India. Ngakhale mbiri ya citenge ceni-ceniyo ndi ya pa nyanja: Adachi anatengera luso la batiki ku Java, nayamba kudinda ndi makina, ndipo kampani ya Vlisco ya ku Helmond, imene inayamba mu 1846, ikali kugulitsa nsalu zimene ife timazicha zathu. Tsiku lina, tili m'basi ya mwendokasi mu msewu wa Morogoro, tinadutsa pa Ubungo pamene pali fakitale ya Urafiki, yomangidwa ndi thandizo la China mu 1968. Ndinaiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira wacibale wa mnzake amene anamwalira, cifukwa ndinakumbukira ya ku Kabwe.

Cimene cinandikoka mtima mu Uhuru ndi kanga. Mau amenewa m'Ciswahili amatanthauza mbalame imene ife timati nkhanga, ndipo akuti nsalu zoyamba zinali ndi madontho ngati nthenga zake. Kanga inayambira m'mbali mwa nyanja imeneyi, ku Zanzibar ndi ku Mombasa, m'zaka za m'ma 1800. Ndi yopepuka kuposa citenge, imagulitsidwa ziwiri-ziwiri, ndipo ili ndi mbali zitatu: mpendero wozungulira umene amati pindo, cithunzi ca pakati cimene amati mji, ndi mzere wa mau umene amati jina, kutanthauza dzina. Mauwo akhoza kukhala dalitso, mwambi kapena kunyoza. Msuweni wanga anasankhira apongozi ake kanga yokongola ya buluu, koma wogulitsa atatimasulira kuti mau ake akudzudzula munthu wokonda kulowerera za m'nyumba za eni, anaibweza msanga ngati yamuocha. Tinaseka mpaka misozi. Ine ndinatsala ndikuganiza kuti kuno nsalu imene mai amafunda kukhichini ili ndi dzina, pamene munthu amene amaisoka alibe.

Pa tsiku lacitatu, zitenge za banja zitagulidwa ndi kulembedwa m'buku, ndinapempha kuti tipite ku Masaki. Tinakwera bajaji, tija tumagalimoto twa mawilo atatu, kulowera ku Msasani, kadziko kolowa m'nyanja kumene kuli nyumba za akazembe, mahotela ndi mitengo ya mthunzi. Pa Slipway, pamene kale panali pokonzera maboti, tinaima kuyang'ana madzi. Aka kanali koyamba kuti ndione nyanja imene ndimaijambula ndi choko. Kenaka tinayenda m'tumisewu twa mkati kufunafuna tumasitolo twa okonza mafashoni.

Tanzania ili ndi anthu a nchito imeneyi amene maina ao amadziwika. Mustafa Hassanali, amene anaphunzira udokotala asanadzipereke ku zovala, anayambitsa Swahili Fashion Week mu 2008, ndipo cionetsero cimeneci cimacitikira mu Dar es Salaam. Kuli Ally Rehmtullah, kuli Khadija Mwanamboka, kuli Sheria Ngowi wodziwika ndi masuti a amuna, ndipo kutsidya ku Stone Town kuli Doreen Mashika amene amagwiritsa nchito kanga. Ine ndi thumba langa la cilimba sitinali kufuna maina akulu-akulu amenewa. Tinalowa m'kasitolo kena kakang'ono, ka mtsikana wa msinkhu wanga amene dzina lake silinafike m'manyuzipepala.

Kusiyana kwake ndi Kariakoo kunayambira pa khomo. Munali mozizira, mwa zii, ndipo zovala zonse za m'sitolomo zikanakwana m'cikwama cimodzi ca msuweni wanga. Diresi iliyonse inali ndi malo ake opumira. Mitengo inalembedwa pa tumapepala, m'mashilingi ndi m'madola, kusonyeza kuti pano sipotsutsana. Mwini wake anatilonjera kuti "Karibuni," n'kutisiya kuti tione tokha.

Diresi imene ndinaima nayo inali ya kanga yofiirira ndi yakuda. Mwana wa telala sayang'ana covala kunja, conco ndinaitembenuza. Misoko yake inali yopindidwira mkati kawiri, moti panalibe ulusi wolendewera ngakhale umodzi. Laining'i inali ya thonje lopepuka, osati ija yoterera imene imamatirira thupi kukatentha. Pindo anaidula n'kuiika m'munsi mwa siketi ndi m'mikono, ndipo pamene zidutswa ziwiri zinakumana m'mbali, maluwa anali kupitiriza ngati sanadulidwepo. Inali ndi matumba awiri akuya, okwana foni ndi choko. Pa kolala panali kansalu kakang'ono kolembedwa dzina la mtsikana uja, ndi mau akuti yapangidwa mu Tanzania.

Ndinamufunsa kumene anapititsa jina la kanga ija. Anamwetulira, n'kupinda mpendero kuti ndione. Mauwo anali mkati, kuzungulira m'munsi, kumene amawaona wovala yekha. "Dada," anatero m'Cingelezi cosakaniza, "alendo sadziwa kuwerenga Ciswahili, ndipo sindifuna kuti munthu aziyenda ndi mau amene sawadziwa. Koma kuwataya sindingathe. Agogo anga sakanandikhululukira." Anati mau a pa diresiyo ndi pemphero lofunira munthu mtendere pa ulendo.

Mtengo wake unali pafupi ndi ndalama zimene ndimatsala nazo pa sabata ziwiri, akadula ngongole pa malipiro anga. Msuweni wanga anandikokera pambali. "Aphunzitsi, mwapenga? Ndalama iyi ndi zitenge zingati ku Uhuru? Kanga yake tinaiona dzulo, mtengo wake mukuudziwa. Jambulani pa foni, tipite nayo kwa fundi, mawa muvala." Iye sanali kunena zacilendo. Ndi mmene timacitira tonse mu Lusaka: munthu amaona sitayelo pa Instagram kapena pa Facebook, n'kupita nayo kwa telala wa pa msika, ati ndisokereni ngati iyi.

Mwini sitolo anamva, ngakhale sanali kudziwa Cinyanja, cifukwa nkhope ya munthu wowerengera imaoneka cimodzimodzi kulikonse. Sanakwiye. Anatenga pepala n'kutilembera zimene zili mu mtengowo. Kuti maluwa akumane pa msoko, diresi imodzi imadya kanga zambiri kuposa mmene telala wamba angadulire, ndipo zotsala zimakhala tuzidutswa. Asanasoke yogulitsa, amayamba wasoka yoyesera pa nsalu yoyera, nthawi zina kawiri kapena katatu, kenaka n'kukonza mapepala odulira a saizi iliyonse. Ali ndi osoka atatu ku Kinondoni amene amawalipira pa mwezi, kaya zovala zagulidwa kaya sizinagulidwe. Lendi ya ku Masaki ndi yokwera, koma akacoka kumeneko ndiye kuti wacoka pamaso pa anthu amene angagule. Ndinamufunsa kuti amagula ndani. Anati alendo odzaona dziko, anchito a m'maofesi a akazembe, ndi Atanzania ocepa a ndalama. Anaonjeza kuti amai ake omubala sanagulepo kanthu m'sitolomo, ndipo akamupempha diresi amamuuza kuti asawasokere "ya azungu".

Mau amenewa anandivutitsa kuposa mtengo. Covala copangidwa ndi mwana wa m'dzikolo, pa nsalu ya makolo ake, cimene anthu a m'dzikolo sangakwanitse kugula, tizicicha ca kwao m'njira yotani? Komanso mtsikanayo akatsitsa mtengo kufika pamene mphunzitsi angagule mosaganiza kawiri, woyamba kumva kuwawa ndi osoka atatu aja a ku Kinondoni. Ndinaona amai anga mbali zonse ziwiri za funsoli. Iwo ndi telala amene amakopera sitayelo ya pa cithunzi kuti mwana adye, ndipo ndi iwonso amene anthu anawadyera luso lao pa mtengo wa "kusoka cabe".

Madzulo ake tinapitadi kwa fundi, cifukwa msuweni wanga anali ndi masiketi ake ofuna kusoketsa. Anali bambo wacikulire ku Magomeni, pa khonde la nyumba, ali ndi makina a Butterfly a ku China amene kulira kwake kunali kofanana ndi kwa Singer ya ku Chilenje. Pa khoma panali mapepala a masitayelo otuwa ndi dzuwa. Anamupima msuweni wanga ndi tepu, n'kulemba manambala pa nsalu yomweyo ndi kacidutswa ka sopo. Ndinayang'ana manja ake. Anali kudula popanda pepala lodulira, diso lokha, ndipo sanaphonye. Luso la bamboyu silinali locepa poyerekeza ndi la ku Masaki. Cimene analibe ndi nthawi yoyesera kawiri, malo ozizira oikamo covala kuti cidikire mwini wake, ndi kansalu ka pa kolala. Mtengo anauchula iye, msuweni wanga anaudula pakati, ndipo anakumana capakati-kati, monga zimakhalira pa khonde la kwathu.

Onse awiri, fundi ndi mtsikana wa ku Masaki, ali ndi mdani mmodzi amene ndimamuvala ine ndemwe. Cimene ife timati salaula, kumeneko amati mitumba, ndipo ku Ilala kuli misika yake yodzaza ngati Soweto. Mu 2016 atsogoleri a maiko a East African Community anagwirizana zoletsa zovala zakale zocokera kunja pofika mu 2019, kuti mafakitale ao adzuke. America inaopseza kuti iwacotsera mwai wogulitsa katundu wao kumeneko mopanda msonkho pansi pa pangano la AGOA. Kenya, Uganda ndi Tanzania anabwerera m'mbuyo. Rwanda yokha ndi imene inalimba, ndipo mu 2018 inacotseredwa mwai umenewo pa zovala. Sindingaime pa bolodi n'kunyoza salaula, pamene bulauzi imene ndavala ndinaisankha ndekha pa mulu Loweruka m'mawa. Salaula inaveka ana a anthu osauka zovala zolimba pa nthawi imene makolo analibe pogwira, ndipo imadyetsa mabanja ambiri. Karen Tranberg Hansen, amene analemba buku lonse lonena za salaula ya m'Zambia mu 2000, anaonetsa kuti ife sitimangolandira zovalazi, timazisankha ndi kuzisintha kuti zikhale zathu. Koma munthu amene wazolowera kugula jekete yabwino pa mtengo wa mbale ya nsima amaiwala kuti kusoka jekete kumatenga masiku, ndipo akafika kwa telala amabwera ndi mtengo wa pa mulu m'mutu mwake.

M'mawa mwake ndinabwerera ku Masaki ndekha. Ndalama za azimai a m'banja sindinazikhudze. Zinali zitasanduka kale zitenge za ku Uhuru, zabwino, zoyenera nchito yake. Ndinatulutsa za cilimba. Mtsikana uja anandiveka diresiyo, naona kuti m'ciuno ndi yaikulu pang'ono, naika mapini, nati ndibwere madzulo. Sanandilipiritse za kukonzako. Pondipatsa, anaikulunga m'kathumba kosokedwa ndi tuzidutswa twa kanga yomweyo. Msuweni wanga ataiona anapukusa mutu, nati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, aphunzitsi. Mwezi wa mawa mudzadya diresi." Mwezi wa Seputembala unalidi wautali, ndipo ndiwo zambiri zinali kapenta ndi repu. Ndinadziwa zimenezi ndisanalipire.

Sukulu itatsegulidwa, ndinayamba kuyang'ana mwacidwi mtsikana wina wa Giredi 11 amene kumbuyo kwa buku lake la Geography kumakhala kodzaza ndi zithunzi za madiresi. Amatenga Fashion and Fabrics, phunziro limene m'masukulu ambiri anthu amaliona ngati kothawira ana amene masamu awakanika. Iye masamu amakhoza. Atate ake afuna kuti akhale nesi, ndipo ali ndi zifukwa zomveka, cifukwa anaona matelala a m'komboni mwao akukalamba opanda penshoni. Tsiku lina anandifunsa, "Madamu, kodi munthu angakhale ndi moyo wabwino ndi kusoka?"

Sindinamuuze kuti atsatire maloto ake, cifukwa mau otere ndi osavuta kwa munthu amene amalandira malipiro a boma. Ndinamubweretsera pepala lija la ku Masaki, n'kumuuza kuti awerengere yekha mtengo wa siketi imene anasoka pa phunziro lake: nsalu, ulusi, zipi, magetsi, ndi maola ake, aliyense pa mtengo umene iye angavomere kugwirira nchito. Atamaliza, nambala imene anapeza inamudabwitsa. Anati palibe angagule pa mtengo umenewo m'komboni mwao. Ndinati ndi zoona, ndipo funso limeneli ndi limene mtsikana wa ku Masaki amagona nalo, ndi limene amene amaonetsa zovala pa Zambia Fashion Week amagona nalo. Ndinamuuza kuti kuli makoleji a pansi pa TEVETA amene amaphunzitsa kudula ndi kusoka, kuti ndalama za CDF tsopano zimalipirirako acinyamata maphunziro a luso, ndi kuti munthu amene anayambitsa cionetsero ca ku Dar anayamba waphunzira udokotala. Zosankha ndi zake ndi makolo ake. Cimene ndinafuna n'cakuti akadzakhala pa makina, adzadziwe mtengo wa ola lake munthu wina asanamuuze.

Diresi ija ndinapita nayo ku Chilenje ukwati usanacitike. Amai anapukuta manja, navala magalasi, ndipo monga ndinali kuyembekezera, sanaiyang'ane kunja. Anaitembenuza, nayendetsa cala pa msoko kucokera m'khwapa mpaka pansi, nakoka pang'ono kuti aone ngati ulusi ungalire. Anapeza mau aja a mu mpendero, ndinawamasulira, anagwedeza mutu. Kenaka anafunsa mtengo. Nditawauza, anakhala cete nthawi yaitali.

"Ine ndikanasoka iyi," anatero, "akanandipatsa ya shuga ndi sopo."

"Mukanaisoka conco, amai?"

"Akanandipatsa masiku atatu osandiimirira pa khonde, ndikanaisoka kuposa apa. Ona, zipi iyi yakwera pang'ono."

Anagwira kansalu ka pa kolala, naliwerenga dzinalo pang'ono-pang'ono. Anafunsa ngati ameneyo ndi amene anapalasa makina. Ndinati iai, iye ndi amene anaiganiza ndi kuidula, osoka ndi ena atatu. Anafunsa maina ao. Ndinati sanalembedwe. "Ndiye kuti nakonso kuli a pa khonde," anatero, n'kuipinda bwino-bwino.

Zitenge za ku Uhuru zinali pa mpando, zikudikira kuti amai asokere azimai khumi ndi awiri a m'banja mwathu, aliyense ndi sitayelo yake, monga acitira pa ukwati uliwonse wa pacibale. Ndikutsanzika, anandiitana ndili pa geti. "Iwe, tunsalu utu twa maina amatupanga kuti?" Ndinati m'tauni muli amene amadinda, ndipo ndikhoza kufunsa Lolemba ndikaweruka. Anati ndikafunse mtengo wa khumi ndi tuwiri, ndipo ndikaonetsetse kuti alembe dzina lao la kwao, limene anabadwa nalo, pamodzi ndi mau akuti Chilenje. Anaonjeza kuti azakhali ako uwauziretu kuti caka cino mtengo wa kusoka ndiuchula ine, ndipo sitidzatsutsana.